Chithunzi cha Mutu wa a Yobu

Mukanafika pa msika wa Tandale mu Dar es Salaam m'zaka zimene boma linkagulitsa mafakitale ake, n'kufunsa mayi wa ku Malawi wogulitsa zovala za ana, akanakulozerani Dinah osachita kuganiza. Kumeneko ankamutcha Mama Tione, poti mwana wake yekhayo anali Tione, amene panthawiyi anali atakwatiwa kale ku Kigamboni. Anali mayi wamfupi, wa mawu okhuthala, wosadziwa kunyengerera kasitomala. Akamatsegula belo la kaunjika, amene Aswahili amati mitumba, anzake ankaima patali, chifukwa dzanja la munthu likangolowa m'belomo iye asanasanthule, pakamwa pake pankatuluka Chiswahili ndi Chichewa nthawi imodzi.

Mu Dar es Salaam anabwera ali mtsikana, khanda kumsana, kutsatira amuna ake a Yobu a ku Mponela, amene anali makaniko pa fakitale ina ya boma. Ankati akhalako zaka ziwiri basi. Ziwirizo zinabala makumi awiri. Fakitale itagulitsidwa, a Yobu anapatsidwa kalata yowathokoza, n'kukhala pakhomo kumakonza mashini osokera a anthu. Mphepo imene inatseka geti la fakitale ndi yomwenso inatsegula doko kuti mabelo azilowa, choncho banja linayamba kudya za patebulo la Dinah. Sanadandaule. Ntchito sankaiopa, dzuwa la mu Dar lowotcha ngati mbaula lija sankaliopa, ngakhale asikari a mzinda othamangitsa ogulitsa malonda sankawaopa. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, abale a mwamuna.

Mantha amenewa sanabadwe nawo, anawatola pa maliro ku Gongo la Mboto. Kunamwalira Mmalawi wina kumeneko, ndipo abale ake atafika kuchokera ku Kasungu, asanalire n'komwe, anamukhazika pansi mkazi wa malemuyo pamaso pa anthu onse. "Mbale wathu wadwala miyezi isanu, inu osatuma ngakhale mawu. Mumabisa chiyani?" Dinah anabwerako atamvetsa bwinobwino zimene ankangozimva kale, zakuti kwathu mwamuna si wako, umangobwereka, eni ake alipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuyambira tsiku limenelo, a Yobu akangotsokomola kawiri, kalata inkanyamuka kupita ku Mponela kwa mayi awo okalamba ndi mchemwali wawo Lydia. Wonyamula makalatawo anali Chikhulupiliro, dalaivala wa thanki ya mafuta, wa m'mudzi momwemo, amene ankadutsa pa Mponela popita ku Lilongwe.

Ndiye matenda enieni anabwera. Anayamba ndi mutu wa m'mamawa, wosamva mapiritsi. Kenako dzanja lamanja linayamba kutaya sipanala. Tsiku lina a Yobu anagwa pa mpopi n'kuyamba kuphiriphitha, thovu kukamwa. Atazungulira nawo zipatala zitatu, anatumizidwa ku chipatala china cholipira, mwa zija zinaphuka ngati bowa m'zaka zimenezo, kumene kunali mashini atsopano ojambula m'kati mwa mutu. Munthu amagona pa kabedi, kabediko n'kulowa naye m'chibowo, ndipo pambuyo pake amakupatsani chipepala chakuda cha pulasitiki, chachikulu ngati thireyi, chokhala ndi tizithunzi makumi awiri m'mizeremizere, kalikonse kakuonetsa mutu ngati auduladula mapisi. Pamenepo ndi pamene chinaoneka chotupa, chachikulu ngati dzira la nkhuku, chitatsamira ubongo cha kumanzere.

Za opaleshoni tisanene zambiri, poti ngakhale mwini wake Dinah safuna kuzikumbuka. Chachikulu n'chakuti a Yobu anatuluka amoyo, mutu wometedwa, wosokedwa ngati thumba la chimanga. Patapita milungu ingapo anawajambulanso. Dokotala Laurent, bambo wowonda wa magalasi amene anachita opaleshoniyo, anapachika chithunzicho pa bokosi lowala la pakhoma n'kuloza malo akuda pamene panali dzira lija.

"Chatuluka," anatero m'Chiswahili. "Chithunzichi musunge bwino. Mubwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

Panja mzere wa odwala unali utafika pa masitepe, ndiye dokotala sanawonjezere mawu. Dinah nayenso sanafunse kuti kusungako n'kwa chiyani. Anachiika mu envelopu yake yakhaki n'kuchiyala pansi pa matiresi.

Chikanakhala pomwepo pakanapanda kalata ya Lydia. "Alamu," inatero kalatayo, "kuno zavuta. Anthu akuti achimwene anafera pa tebulo la madokotala ndipo inu mukubisa. Ena akuti anapenga. Amayi asiya kudya. Mawu anu tawamva, koma titumizireni choti tione ndi maso."

Choti aone ndi maso! Koma abale inu, akawajambulitse a Yobu ku situdiyo mmene analili muja, masaya olowa m'kati, chipsera chitazungulira mutu? Gogoyo akanangokomoka chithunzi chili m'manja. Pansi pa matiresi ndi pamene panali chithunzi chonena zoona, choonetsa poyera kuti matenda anachotsedwa. M'maganizo a Dinah ntchito ya chipepalacho inali itatha, monga imathera ya khadi la kusikelo mwana akayamba sukulu. Anakhala pansi n'kulemba: "Muyang'ane mutaloza kudzuwa. Mzere wachitatu, kachithunzi kachiwiri ndi kachitatu, pamene pali pakudapo ndi pamene anachotsa matendawo." Envelopu anaipereka kwa Chikhulupiliro. A Yobu masiku amenewo ankangogona usana wonse, ndiye sanawauze.

Ndipo zinayendadi. Yankho linabwera loti amayi ayambanso kudya, olankhulalankhula aja atseka pakamwa. Kumunsi kwa kalatayo Lydia analemba mawu a gogo mwini wake: "Umuuze mwana wanga Dinah kuti wachita bwino." Mwana wanga! Zaka makumi awiri ali pabanja, apongozi anali asanamutchulepo choncho. Dinah anawerenga mzere umenewo katatu, kenako anapita kukatsegula belo akuimba nyimbo ya kumvano.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, anakwera daladala, minibasi ya kumeneko, kubwerera kuchipatala. A Yobu anali atanenepako, tsitsi litamera n'kubisa chipsera, moti m'njira ankaseleulana ndi kondakitala. Anawabaya jakisoni wa mankhwala owalitsa chithunzi, anawalowetsa m'chibowo chija, ndipo masana Dokotala Laurent anapachika chithunzi chatsopano pa bokosi lake. Anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene Dinah akanafunira. Kenako analoza ndi cholembera m'mphepete mwa malo akuda aja. Panali kanthu koyera, kochepa ngati njere ya mpunga.

"Ndipatseni chija tinajambula opaleshoni itatha."

"Chili ku Malawi, dokotala."

"Ku Malawi chikukatani?"

Atafotokoza, dokotala anavula magalasi n'kutikita maso. "Mama, chithunzi chimodzi pachokha sichinena kanthu. Kanthu koyeraka kakhoza kukhala chipsera cha mpeni wanga, kakhozanso kukhala chotupa chikuphukanso. Ndikaika ziwirizo pamodzi ndidziwa. Ngati kanalipo kale ndipo sikanakule, mupita kwanu mukagone tulo. Ngati panalibe, kapena kakula, tiyenera kutsegulanso mutuwu kadakali kakang'ono."

"Nanga mashini anuwo sakumbuka?"

"Amasunga za masiku ochepa, kenako amafufuta kuti palowe za ena. Chimene ndinakupatsani chija ndi chokhacho."

Pobwerera, daladala inafika pa Magomeni. Pamenepo a Yobu anamugunda Dinah ndi chigongono. "Ndiye mwati mutu wanga unafika kumudzi mwini wake ndisanafike? Ine zaka zisanu ndi zinayi osapondako!" Anaseka okha. Dinah sanaseke. Akanakonda akanamukalipira pamaso pa anthu onsewo, chifukwa kusekako kunkamupweteka kuposa mbama.

Kumudzi kunalibe foni. M'mawa mwake Dinah anapita ku Kurasini kumene mathanki amadikirira mafuta, anamupeza Chikhulupiliro akutsuka nkhope pa chigubu, n'kumugwira malaya. "Iwe Chikhu, envelopu ija ubwere nayo. Ukaiwala, usadzapondenso pakhomo panga."

Inali nyengo ya mvula yoopsa imene inakokolola milatho, ndipo ulendo wa milungu iwiri unatha milungu isanu. Kutopa kumene Dinah anatopa masiku amenewo si kuja kumatha munthu akagona. Anasanduka mlonda wa mwamuna wake. A Yobu akanyamula kapu ya tiyi, iye maso ali pa dzanja. Akaiwala dzina la munthu, iye watchera khutu. Akangokanda m'mutu, iye waima kale, "Ukupweteka?" Mpaka tsiku lina a Yobu anamuuza kuti, "Amake Tione, ndi nsabwe chabe, ndilekeni ndikande." Ku msika ankapezeka akupindapinda kadiresi kamodzimodzi, kasitomala ataima pamaso pake. Anzake ankamupepesa kuti, "Pole, Mama Tione," iye n'kungogwedeza mutu, poti ngakhale mphamvu zotukwanira zinali zitamuthera.

Chikhulupiliro anafika Loweruka masana. Odi wake anali wofowoka, ndipo m'manja munalibe envelopu. Anakhala pa mpando, anapereka moni kwa a Yobu, anafunsa za Tione, anayamba za milatho.

"Za milatho uziuza anzako," anatero Dinah. "Chithunzi chili kuti?"

Dalaivalayo anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa kajumbo ka shuga, n'kukhuthulira patebulo. Munatuluka timapepala takuda, tofanana kukula ndi bokosi la machesi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chomwecho, alamu. Anagawana."

Nkhani yake inali yotere. Tsiku limene envelopu inafika, mbumba yonse inasonkhana pabwalo. Anachiloza kudzuwa monga kalata inanenera, anaona pakuda paja, analira, anaimba, anapemphera. Ndiye amalume awo a Yobu anati chinthu chotere sichingakhale m'nyumba imodzi ngati kuti munthuyu ali ndi mbale mmodzi. Aliyense atengeko kake, aziika m'Baibulo, azimupempherera. Lydia anabwera ndi sizasi.

"Anthu akuluakulu, a ndevu zawo!" Dinah anakuwa mpaka nkhuku zinathawa pakhomo. "Anaona ngati ndi nyama ya paukwati? Mutu wa munthu n'kuugawana ngati mbuzi?"

"Alamu, musawatukwane, sanachite mwachipongwe. A Lydia ankadula motsata mizere, pang'onopang'ono, ati kuopa kuwapweteka achimwene. Ine ndayenda midzi inayi wapansi m'matope kutolera. Pa makumi awiri paja ndapeza khumi ndi tinayi."

Dinah anayamba kusanthula timapepalato monga amachitira ndi belo, akuloza kalikonse kuwindo. Aka kanali ka maso, aka ka pamwamba pa chigaza, aka ka pafupi ndi makutu. Koonetsa pakuda paja panalibe.

"Tiwiri tija ndinalemba m'kalata tili kuti?"

Chikhulupiliro anayang'ana pansi. Tiwiri timeneto, poti kalata inanena kuti ndi tofunika, anapatsidwa akuluakulu. Kamodzi anatenga amalume, ndipo nyumba yawo inagwa ndi mvulayi, Baibulo ndi zonse zinapita ndi madzi. Kenako dalaivalayo anapisanso m'thumba, natulutsa kansalu komanga mfundo.

"Aka ndi ka agogo. Popereka analira, alamu. Ankakamanga kumapeto kwa chitenje, kumunda nako, kuchitsime nako, pogona nako. Akakhala pansi ankamasula n'kumasisita ndi chala pakudapo, akupemphera kuti matenda asabwerere. Maso awo mukuwadziwa, saona bwino masiku ano, amangokhudza."

Dinah anamasula mfundoyo ndi mano. Kapepalako kanali mbee, koonekera mbali zonse ngati galasi la pawindo. Thukuta, madzi ndi chala cha mayi zinali zitafufuta zonse. M'mphepete mokha ndi mmene munatsala kakuda pang'ono.

Apa sanakuwe. Akanakalipira ndani? Gogo wopempherera mwana wake? Lydia wodula motsata mizere? Amene anatulutsa envelopu pansi pa matiresi anali iye mwini, amene analemba kuti yang'anani apa analinso iye. Anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale. A Yobu anatenga kapepalako, anakayang'ana nthawi yaitali, ndipo ulendo uno nthabwala sanaipeze. Anangoti, "Amayi," n'kutuluka panja.

Lolemba anapita natobe kuchipatala, poti munthu akasowa pogwira amagwira ndi udzu womwe. Dokotala Laurent sanaseke, sanakalipenso. Anamata timapepalato pa bokosi lowala ndi selotepi, kamodzikamodzi, n'kusiya mipata ya tosowato, moti mutu wa a Yobu unaoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Pomaliza ananyamula koyera kaja, anakaloza ku kuwala, n'kuona chala chake chomwe kuseri kwake.

"Kamene ndimafuna ndi aka," anatero.

"Ndiye titani, dokotala?"

"Tidikira miyezi itatu, tijambulenso. Cha mwezi watha chija ndicho chikhale choyamba chathu."

"Bwanji osangotsegula, muone ndi maso?"

"Ndikatsegula chili chipsera chabe, ndikhoza kupha dzanja kapena lilime popanda chifukwa. Ndikadikira chili chotupa, ndachipatsa miyezi itatu yoti chikule. Ndasankha kudikira, mama, koma sindikulonjezani kuti ndasankha bwino. Akagwa, kapena dzanja likayambanso, musadikire tsiku, thamangani nawo."

Anabweza chithunzi chatsopano mu envelopu n'kumupatsa ndi manja awiri. Ulendo uno sananene kuti musunge bwino, ndipo panalibe chifukwa choti anene.

Miyezi itatu! Kwa munthu wopanda nkhawa ndi masiku ochepa, chimanga sichinache n'komwe. Kwa Dinah inali phiri loti akwere atasenza mtolo, osadziwa ngati kuseri kuli mudzi kapena phompho. Anatsika daladala pa Tandale mutu uli wolemera ngati wochitidwa opaleshoni ndi iye.

Lachinayi m'mawa Chikhulupiliro anabweranso kudzatsanzika, thanki itadzaza. Anamwa tiyi ndi a Yobu pakhonde, anatembenuzatembenuza kapu, kenako anayamba ndi chifuwa chabodza.

"Alamu, pali mawu amene sindinanene tsiku lija, poti munali mutapsa mtima. Agogo anati popeza kawo kaja tawalanda, muwatumizire chatsopanocho. Ati chiyambire kupereka sakugona, m'manja mukuwayabwa. A Lydia alonjeza kuti ulendo uno sadula."

A Yobu anayang'ana mkazi wawo. Wopemphayo anali mayi awo, ndipo Dinah anaona pankhope pawo kuti akanakhala okha akanapereka.

"Ayi," anatero Dinah.

"Ndibwera nacho ndekha pakatha milungu iwiri, alamu, ndikulumbira."

"Unalumbiranso za milungu iwiri, inakhala isanu. Ayi."

"Nanga ndikanene chiyani? Mukudziwa mmene akamvere. Akati mwayamba kubisa. Akati chithunzi chatsopanocho chili ndi zoipa, n'chifukwa chake mukuchikaniza."

"Mwina chili nazodi. Ine sindikudziwa, dokotala sakudziwa, ndipo chikachoka m'nyumba muno palibe adzadziwe. Ukanene zomwezo. Ukanenenso kuti wakana ndi Dinah, osati mwana wawo."

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kansalu kaja atakamanganso mfundo, n'kukaika m'manja mwa dalaivala. "Aka ukawabwezere, ndi kawo."

"Koma mulibe kanthu umu, alamu."

"Iwo sakudziwa. Usakawauze."

Chikhulupiliro anaika kansaluko m'thumba la pamtima, anatsanzika, n'kulowa m'kanjira ka pakati pa nyumba akudumpha zithaphwi. Atazimiririka, a Yobu anatembenukira kwa mkazi wawo.

"Amayi akudani nazo zimenezi, Amake Tione. Zokutchulani mwana wanga zija zatha."

Dinah anadziwa kuti akunena zoona, ndipo zinamuwawa kwambiri, chifukwa mawu awiri amenewo anawadikira zaka makumi awiri. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Andide," anatero. "Miyezi itatu inoyi ndilibe mphamvu zokondedwa ndi wina aliyense. Malizani tiyiyo, ndione mmene mukugwirira kapu, ndizipita ku msika."